Makabudula Otalikitsidwa

M'nyumba muja nkhondo inali ya kabudula. Mtengwa ankaphunzitsa azimayi gule wa pamzati wachitsulo, ndipo apongozi ake aakazi, telala wa luso lake, akaona zovala zake za kuntchito pachingwe ankachita kulavula. Ankati ngakhale kampango kopukutira thukuta n'kokulirapo. Mtengwa anafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti kufupikako si kudzionetsa ayi. Chimene chimagwira chitsulo ndi khungu la ntchafu, nsalu imaterera. Amuna ake okha ndiwo ankamumvetsa, poti mzati woyesererapo kunyumba anamumangira ndi iwowo.

Tsiku lina mtengwa atafika kuntchito, anatsegula chikwama n'kupeza makabudula onse atatalikitsidwa mpaka m'mawondo ndi nsalu yonyezimira. Kasokedwe kake ndiye kokongola, tisanamizane, ndipo sankathina paliponse. Ophunzira anali akudikira kale, ndiye anangopindira nsaluyo m'mwamba n'kukwera. Atazondoka mutu pansi, nsalu ija inatsetsereka, iye n'kugwa ngati thumba la simenti.

Atachoka kuchipatala mkono uli m'chikhakha, analunjika pamakina osokera. Ulemu wa zaka zonse unathera pomwepo.

"Amayi, mumafuna kundiveka kapena kundiika m'manda?"

Apongozi anagwetsa sizasi, misozi ili chuchuchu. Anati kunyoza ankanyozadi, koma chibadwire sanapisepo dzanja m'chikwama cha mwini. Zovalazo anachita kupatsidwa, ndi muyeso womwe.

Mtengwa anatembenuka. Amuna ake anali chiimire pakhomo, maso pansi ngati ataya singano. Anayamba zoti anzawo kuntchito anaona vidiyo yake pafoni, akhala akuwaseka, mwamuna amafunika ulemu wake.

"Amayiwa sachidziwa chitsulo, ndawakhululukira," anatero mtengwa. "Koma inu munkadziwa kuti ndigwa."

"Ndimayesa mungosiya zokwerakwerazo."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa mkono. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, koma kulongedza ndi dzanja limodzi kunamukanika, mpaka anangokhala pabedi n'kumalira. Chitseko chinatseguka, analowa apongozi. Sananene zija zoti banja ndi kupirira. Anapinda zovala zonse bwinobwino, kutseka sutikesi, n'kuinyamula okha.

Mwana wawo, mwamuna wa mtengwa uja, atafuna kutsekereza njira, apongoziwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Choka apo. Unabwereka manja anga kuti uthyole mwana wa eni."