Mpendero wa Diresi la Vania

Izi sizongopeka ayi. Mai Liness akadalipo pa Thambani, kuseri kwa msika, mukawafunse. A Stafford akalipentala anatisiya, koma ananena zomwezi pamaso pa anthu, asanalawe ndi kachasu yemwe. Ndiye ananu, chovala cha munthu amene simukudziwa ngati ali moyo kapena anatsikira kulichete, musamachidule. Chisungeni basi.

Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, pa Thambani panabwera a Faustino ndi akazi awo a Belmira. Anafika awiri, koma kwawo anali atatu. Tsiku limene mfuti zinalira, mwana wawo Vania, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali kuchitsime ndi ndowa. Anamuitana, anamufunafuna, mpaka anthu anachita kuwakoka. A Belmira anangotsomphola diresi lake lakuda pachingwe. A Faustino anatola kamera.

Kamerayo inali yamakedzana, kabokosi ka maso awiri, lina pamwamba pa linzake. Pojambula ankaigwirira pamimba n'kuweramira m'kagalasi kapamwamba, ndipo filimu imodzi inkatulutsa zithunzi khumi ndi ziwiri zokha. Akangomva kuti wina ali ndi yakufa ya mtundu womwewo, kaya ku Boma kaya kwa Kanduku, ankayenda wapansi kukaitenga kuti azichotsako tizitsulo. Yamoyo ija anaikuta ndi chikopa cha mbuzi. Ankaidonthezera mafuta a makina osokera ndi nthenga ya nkhuku, n'kumaiwotheretsa dzuwa la m'mawa kuti nguwi isadye magalasi.

"Mana Belmira, inu muli pamitala," ankatero mai Liness, oyandikana nawo nyumba, akunena za makamera aja. "Akazi anzanu anayi, onse odzola mafuta. Inu muli mbuu."

A Belmira ankaseka, koma mtima uli kwina. Iwo ankafuna kuti mwana alilidwe monga amachitira kwawo mtembo ukasowa: kukulunga thunthu la nthochi ndi chovala chake n'kuliika m'manda. A Faustino ankangoti, "Ine sindiika mwana wamoyo."

Chaka cha chilala chija, chitseko chakumbuyo kwa kamera chinayamba kulowetsa kuwala, zithunzi n'kumatuluka ndi mizere yoyera. Pankafunika kansalu kakuda kotsekera mpatawo. A Belmira pobwera kumunda anapeza diresi lija pamphasa, mpendero utadulidwa.

"Bambo a Vania, mwatani apa?"

"Kachidutswa chabe. Ndi iwe ukudziwa kuti linam'chepera kale. Akabwera tidzam'gulira lina."

Lamulungu lotsatira anajambula amayi a kwaya pabwalo la tchalitchi. Zithunzi ankatsukira m'kachipinda kopanda zenera kamene a Stafford anawamangira, mdima wake bii ngakhale masana. Tsikulo anakhalitsamo. Atatuluka anakodola akazi awo ndi chala.

Pachithunzipo, kumbuyo kwa amayi aja, chapatali, panali mwana atasenza ndowa.

Mai Liness anali m'kwayamo. Analumbira kuti pabwalopo panalibe mwana aliyense, anali atawathamangitsira kumpanda. A Stafford anayang'ana chithunzicho kanthawi, n'kuchibweza, n'kupukuta manja pabuluku.

Pa chithunzi chachiwiri mwanayo anasendera. Pa chachisanu nkhope inkaoneka. A Belmira anazindikira chipsera cha pachibwano. Koma miyendo inali yaitali, mapewa otakata, msinkhu wa zaka khumi ndi ziwiri.

"Awa ndi malodza," ananong'ona. "Akufuna timuike."

"Mayi a Vania, tayang'ana bwino. Akufa sakula."

Kuyambira pamenepo a Faustino anasiya kujambula anthu. Ankangojambula pabwalo popanda kanthu, n'kuthamangira m'kachipinda kaja. Chakudya chinkawazizirira pakhomo. A Belmira nawo mpando unawakana. Akalowa m'nyumba, atuluke. Akatuluka, alowe. Dzuwa likuswa mtengo, zitsime zitauma, koma m'nyumbamo munkamveka fungo la matope onyowa. Ndipo kamera ikangoti tcheke, kuseri kwa nkhokwe kunkalira chogwirira cha ndowa. Kwii. Kwii. Nkhuku zinasiya kupita kumeneko.

Kenaka a Belmira anapeza amuna awo akusoka nsapato ndi waya, mtedza wokazinga uli m'kathumba.

"Lachisanu ndikatenge filimu ku Boma. Loweruka ndiwoloka malire, ndikam'fune."

Njira yake a Belmira ankaidziwa. Inali yodzaza ndi mabomba okwirira pansi. A Petro, othawa nkhondo anzawo, anapita kukafuna ng'ombe zawo, anabwera ndi mwendo umodzi. Anzawo awiri sanabwere n'komwe.

"Nkhondo inandilanda mmodzi. Mukufuna ndikhale ndi diresi ndi malaya?"

A Faustino anapitiriza kusoka.

Lachisanu galimoto itangonyamuka, a Belmira anaitana mai Liness. Anatsegula kamera ija, n'kumatula kansalu ndi singano. Kanali kofunda. Anakaphatikiza ku diresi, n'kukulunga thunthu la nthochi.

"Mana, osadikira bambo?" anafunsa mai Liness.

"Akabwera, mawa ndilira awiri."

Thunthulo linali laling'ono, koma analinyamula awiri, akupumira. Anakumba pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa linali paliwombo. Mphepo zii. A Belmira anagwada, n'kutchula dzina katatu.

"Vania. Gona, mwanangu. Usawaitanenso bambo ako."

Anaponya dothi.

Kuseri kwa nkhokwe ndowa inagwa. Anaimva onse awiri, ndi madzi omwe akukhuthuka. Atapitako sanapeze ndowa. Pansi pokha panali ponyowa.

Madzulo a Faustino anaona kamtumbira kaja. Sanafunse. Anaika filimu, n'kujambula pabwalo mpaka yonse kutha. Zithunzi zinatuluka ndi mizere yoyera, mwana palibe. Loweruka linadutsa ali khale pakhonde. Sanawoloke. Anakhala ndi moyo, miyendo yonse iwiri, koma sanawaitanenso akazi awo kuti mayi a Vania.

Patangopita milungu yochepa nkhondo inatha.

Anthu atayamba kubwerera kwawo pa malole, kunabwera mayi wina wochokera kutsidya, dzina lake Rosinha, akufunsa nyumba ya wojambula. Anapeza a Belmira ndi mai Liness akusenda chinangwa panja. Anakhala pansi, n'kunena motsitsa kuti pothawa anatola mwana pachitsime, n'kumulera ngati wake. Mwanayo sanaiwale mayina a makolo ake. Anakula bwino, wamphamvu, osadwaladwala.

"Ali kuti?" anafunsa a Belmira.

"Pepani, mayi. Ankachokera kotunga madzi, akuseka ndi anzake. Anangogwa pakhomo. Sanadwale ngakhale mutu."

Mpeni unawapulumuka mai Liness.

"Liti?" anafunsa mai Linesswo.

"Chaka cha chilala, manachesi akutha. Linali Lachisanu, dzuwa lili paliwombo."

M'nyumba munkamveka a Faustino akupemerera fumbi pagalasi. Kenaka anatsokomola.

"Kodi ndani akulankhula panjapo?"

A Belmira anayang'ana mlendo uja. Anayang'ana mai Liness.

"Ndi wodutsa," anatero. "Akupempha madzi."