Dorica ndi Kansalu Kopanda Dzina

Dorica ankafuna kusoka mphatso. Ankafuna kusoka yekha, ndi manja ake.

Achemwali ake, a Faness, anali ndi mwana wakhanda. Mwanayo anali wamkazi. Anabadwira kuchipatala ku Namitete. Tsopano anali kunyumba, m'chikuta. Mwana wa m'chikuta satuluka panja. Amadikira kuti mchombo ugwe.

"Mchombo wayamba kuuma," anatero amayi. "Loweruka mwana atuluka. Anthu abwera ndi mphatso."

"Inenso ndipereka yanga," anatero Dorica. "Ndisoka dzina la mwana pa kansalu."

Amayi anali kuthothola mtedza pabwalo. Anapukuta manja. Anatsegula chitini chawo chosokera. Anatulutsa kansalu koyera mbee. Anatulutsa singano. Anatulutsa ulusi wofiira psuu.

"Wofiira ndi womwewu," anatero amayi. "Ukatha, watha. Yamba wasoka dzina lako pakona. Dzanja lizolowere."

Dorica anakhala pakhonde. Anasoka dzina lake pakona. Singano lowa, singano tuluka. Singano lowa, singano tuluka. Zilembo zinali zazing'ono. Zinali zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku. Koma zinkawerengeka: DORICA.

"Basi, ndadziwa!" anatero Dorica.

Ha! Kudziwa kwa tsiku limodzi kumeneko!

Alamu ake, a Laison, anatulukira ndi njinga. Iwo ndiwo bambo a mwana. Masiku amenewo ankangosekerera okhaokha.

"Alamu, mwana dzina lake ndani?" anafunsa Dorica.

"Ine ndakondwa kwambiri," anatero a Laison. "Kwa ine ndi Takondwa basi."

Dorica sanafunsenso wina. Analemba ndi pensulo pakati pa kansalu. Analemba zilembo zikuluzikulu. Kenako anayamba kusoka.

Singano lowa, singano tuluka. Singano lowa, singano tuluka. Singano inamubaya chala.

"Mayo!"

Anayamwa chala. Anapitiriza kusoka. Anasoka Lolemba ataweruka kusukulu. Anasoka Lachiwiri ataweruka kusukulu. Anzake anamuitana ku fulaye. Iye anakana. Zilembo zisanu ndi zitatu si masewera, abale!

Atamaliza anathamangira kwa amayi.

"Amayi, taonani! TAKONDWA!"

Amayi anayang'ana kansalu. Anayang'ana Dorica. Anagwira pakamwa.

"Takondwa ndaninso?"

"Mwana! Anena ndi alamu."

"Iwe Dorica iwe! Bambo wa mwana satcha dzina."

"Nanga amatcha ndani?"

Nthawi yomweyo mbuzi zinafika pa mtedza woyanika. Amayi anadzuka ndi kamtengo. "Choka! Choka!" Anazithamangitsa mpaka kuseri kwa chigafa cha fodya. Funso la Dorica linatsala pomwepo.

Dorica anafwenthera m'mwamba. Anabwerera pakhonde akuguguda mapazi. Anayamba kumasula ulusi. Anamasula chilembo choyamba. Anamasula chachiwiri. Ulusi unkaduka. Ulusi unkapotana. Kusoka kunatenga masiku awiri. Kumasula kunamupweteka mtima kuposa kusoka.

"Alamu amenewa!" anadandaula Dorica. "Osangonena kuti sakudziwa bwanji?"

Kenako anaganiza. Ngati si bambo, ndiye kuti ndi mayi. Nanga mwana ali ndi makolo angati?

Lachitatu anapita pawindo la achemwali ake. Anaima ndi zala za kumapazi. Anayankhula chapansipansi.

"Achemwali! Mwana dzina lake ndani?"

"Pang'onopang'ono, wagona," anatero a Faness. "Ine ndimakonda dzina loti Chifundo."

"Chifundo eti?"

"Eee. Ndi dzina labwino."

Dorica anathamangira pakhonde. Anawerenga zilembo pa zala. Zinalinso zisanu ndi zitatu. Koma abale! Kodi mayina aafupi anatha pa dziko pano?

Singano lowa, singano tuluka. Singano lowa, singano tuluka. Singano inamubaya chala china.

"Mayo!"

Ulusi wofiira unali kuchepa. Dorica analumikiza tizidutswa. Anamanga timfundo. Anasoka Lachitatu. Anasoka Lachinayi. Khosi linauma gwa. Maso anachita kulemera. Ulusi unathera pa chilembo chomaliza penipeni.

Anathamangiranso kwa amayi.

"Amayi, taonani! CHIFUNDO!"

Amayi anasiya mtedza. Anagwira m'chiuno.

"Chifundo ndaninso?"

"Mwana! Anena ndi achemwali eni ake!"

"Mwana iwe, undipha ndi phwete! Mayi wa mwananso satcha dzina."

Dorica anakhala pansi kuti khu!

"Bambo satcha! Mayi satcha! Nanga amatcha ndani? Mbuzi?"

"Leka chipongwe," anatero amayi. Koma anali kuseka. "Uyu ndi mwana woyamba. Kwathu kuno dzina lake limachokera kuchimuna. Adzatcha ndi azakhali ake, a Ester. Alongo awo a alamu ako aja, a ku Nsaru."

"Bwanji simunandiuze kale?"

"Bwanji iwe sunadikire? Kuthamanga si kufika."

Dorica anakwinya nkhope. Anakwiya kwambiri. Anakwiyira alamu. Anakwiyira achemwali. Anakwiyira mbuzi. Anakwiyiranso singano.

Anayamba kumasula CHIFUNDO. Koma timfundo tija tinakana. Anakoka. Tinakana. Analuma ndi mano. Tinakana. Ndiye anatenga lezala.

Anadula kamfundo koyamba. Anadula kachiwiri. Pa kachitatu dzanja linaterereka.

Kwee!

Pakati pa kansalu panali bowo. Chala chinkalowa bwinobwino.

Dorica anayang'ana bowolo. Bowolo silinachoke. Anatseka maso. Anatsegula. Bowolo linalipobe.

Lachisanu anapita kwa alamu ake. Nkhope inali ndwii.

"Alamu, imbani foni ku Nsaru."

A Laison anaimba. Anamupatsa foni.

"Azakhali, muli bwanji? Ndine Dorica. Chonde, mwana dzina lake ndani?"

A Ester anaseka mpaka foni inanjenjemera.

"Dzina la mwana pafoni? Ayi, mwanawe. Dzina limanenedwa mwana ali m'manja. Ndibwera nalo mawa."

"Mawa ndi mochedwa!"

"Mawa ndi mawa."

"Ingondiuzani chilembo choyamba chokha!"

"Ngakhale theka lake, ayi."

Dorica anabweza foni. Akuluakulu ndi anthu ovuta, abale. Ukawafunsa, amaseka. Ukapanda kuwafunsa, amasekanso.

Anabwerera pakhonde. Kansalu sikanali koyeranso. Kanali ndi zidindo za zala. Kanali ndi timabowo ta singano. Kanali ndi bowo lalikulu lija. Ulusi wofiira unali utatha. Dzina la mwana panalibe.

Misozi inagwera pa kansalu. Dorica analira ndithu.

Amayi anabwera. Anakhala pambali pake. Sanaseke. Anakhuthula chitini chonse pamphasa. Munali ulusi wachikasu pang'ono. Munali wobiriwira pang'ono.

"Bowo timatseka," anatero amayi. "Taona mmene ndichitire."

Anaika kachigamba kunsi kwa bowo. Anasoka kawiri, katatu. Kenako anamupatsa singano.

"Zungulira ndi wachikasu. Lidzakhala duwa."

"Duwa si dzina," anatero Dorica.

"Duwa si bowonso," anatero amayi.

Dorica anapukuta mphuno. Anasoka duwa lachikasu ngati la mtedza. Anasoka masamba awiri obiriwira. Singano lowa, singano tuluka. Singano inamubaya chala chachitatu. Ulendo uno analibenso mphamvu zonenera "mayo".

Madzulo anachapa kansalu. Anakayanika pa chingwe. M'mawa kanali katauma. Dorica anakayang'ana. Duwa linali lopendekeka. Timabowo tinkaonekabe.

"Sindipereka," anatero. Anakapinda. Anakabisa pansi pa mphasa yake.

Loweruka kunacha ndi mphepo. Inali mphepo ya Juni, yolowa m'makutu. Anthu anafika pabwalo. A Ester anatsika pa njinga ya kabaza. Anali amayi aatali, a mawu aakulu.

A Faness anatuluka ndi mwana. Amayi anaimba nthungululu. Anthu anayamba kupereka mphatso. Wina anapereka sopo. Wina anapereka beseni. Wina anapereka timasokosi ta kusitolo. Zonse zinali zatsopano. Zonse zinali zopanda mabowo.

Dorica anaima kumbuyo. Manja anali kumsana.

A Ester analandira mwana. Mphepo inawomba. Mwana anayetsemula. "Tsi!"

"Kukuzizira," anatero a Ester. "Kodi uja anandiimbira foni ali kuti? Ndamva kuti ali ndi kansalu."

Anthu onse anacheuka. Dorica anayang'ana pansi. Alamu ndi amene anaulula, osakayika! Anafuna kuthawa. Koma mwana anayetsemulanso. "Tsi!"

Dorica anathamangira m'nyumba. Anatenga kansalu. Anagwada. Anapereka ndi manja awiri.

"Ndi koipa," anatero. "Kalibe dzina."

A Ester anatambasula kansalu. Anakayang'ana pa dzuwa. Timabowo tinaonekera tonse.

"Apa panali chiyani?"

"Panali Takondwa. Ndinamasula."

"Nanga apa?"

"Panali Chifundo. Ndinamasulanso."

"Nanga duwali?"

"Ndi bowo," anatero Dorica. "Ndinadula ndi lezala."

Anthu anaseka. A Laison anakanda m'mutu. A Faness anabisa nkhope.

Koma a Ester sanaseke. Anagwira dzanja la Dorica. Anaona chala choyamba. Anaona chachiwiri. Anaona chachitatu.

"Masiku angati?"

"Asanu."

"Masiku asanu, kusokera mwana amene sunamunyamulepo?"

"Eee."

A Ester anafunditsa mwana kansalu. Mwana analeka kuyetsemula. Pakona panaoneka tizilembo tofiira, tokhotakhota. A Ester anawerama. Anawerenga chamumtima. Kenako anakweza mutu.

"Abale, tamverani," anatero. "Ine ndinanyamula dzina kuchokera ku Nsaru. Limenelo ndibwerera nalo. Lidzadikira wina. Uyu wafunda kale dzina lake."

A Ester anayang'ana mwana uja.

"Mwanayu ndi Dorica."

Nthungululu zinamveka mpaka kudimba. Amayi anavina ndi chitenje m'manja. A Laison anawomba m'manja. A Faness anagwetsa misozi uku akuseka.

Dorica anangoti kakasi.

"Dorica?" anafunsa. "Dzina langa lomweli?"

"Lomwelo."

"Limene ndinasoka Lolemba?"

"Lomwelo."

Dorica anagwira mutu ndi manja awiri.

"Ha! Ndasoka! Ndamasula! Ndasokanso! Ndamasulanso! Ndabayidwa katatu! Chikhalirecho dzina lili pakona?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dorica anayesa kukwiya. Anayesa ndithu. Koma pakamwa panakana. Anasekanso nawo.

"Khala pansi, tambasula miyendo," anatero a Ester.

Dorica anakhala pamphasa. A Ester anamuika mwana pamiyendo. Anali wopepuka. Anali wofunda. Kadzanja kake kanatuluka m'kansalu. Kanagwira chala cha Dorica, chobayidwa chija.

Dorica anayang'ana pakona.

"Koma zilembo ndi zazing'ono," anatero chapansipansi.

"Mwini wakenso ndi wamng'ono," anatero amayi.

Dorica wamng'ono anayasamula. Dorica wamkulu anakonza kansalu bwinobwino, kuti mphepo isalowe.