Odi wa Rowland

Madzulo amenewo, mu Meyi 1982, Mayi Florence anali okha m'nyumba mwawo ku Lewisham, akusita malaya. Amuna awo anali kuntchito, pa basi.

Mwana wawo Rowland anali kunkhondo, kunyanja ya kumwera, pa sitima yotchedwa firigeti. Mayiwo ankaidziwa sitimayo ngati anakwerapo: yaing'ono koma yaliwiro, helikoputa kumbuyo, kutsogolo mizinga yolondola ndege yokha ngati galu pa fungo. Rowland ndiye ankasamala mizingayo, ndipo ankaikamba mpaka anthu makutu kuwawa. Zonsezo m'Chingerezi, poti mwana wokulira ku London uja Chichewa ankangomva. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, iye basi, "Fine, Mum."

Nkhani zitayamba pa TV, mkulu wina wa boma anawerenga pang'onopang'ono kuti sitima imodzi yaomberedwa ndipo ikuyaka. Dzina sanatchule. Anati ayambe adziwitsa mabanja.

Mayi Florence anazimitsa ayironi. Uthenga wotere amabwera nawo pakhomo. Anakhala pansi, maso ku chitseko, kudikira kugogoda.

Palibe anagogoda.

"Odi."

Mawu anali a Rowland. Mayi sangasokoneze mawu a mwana wake. Anathamangira kukhomo, dzanja n'kufika pa loko. Pamenepo mapazi awo anazizira. Pansi pa chitseko pankalowa madzi, pomwe kunja kunalibe mvula. Madziwo ankanunkha mchere ndi mafuta opserera.

"Odi kuno, amayi. Ndazizidwa."

Chichewa chosalala, cha kumudzi kwenikweni. Chichewa chimene mwanayo sanayankhulepo chibadwire.

Yankho la odi n'lalifupi: lowani. Linafika pakamwa, koma lilime linakana. Mantha anawagwira, pamodzi ndi manyazi, poti ndi mayi wanji amene amamva mwana wake akuzizidwa n'kukhala chete? Anaima pomwepo osatsegula. Kuseriko wina ankapuma movutikira. Kenako kunangoti zii.

Kutacha foni inalira. Anali Mayi Charity a ku Peckham, a ku Zambia, amene mwana wawo Abednego anali pa sitima yomweyo. Mawu awo anali achimwemwe.

"Amake Rowland, wanu afika? Abednego anabwela usiku. Anachita odi, namusegulila. Ananyowa maningi, sanakambe vambili. Ali gone mu bedroom."

Mayi Florence anati:

"Amake Abednego, sitima ija ili kutali. Tapitani mukamuone."

Anamva foni ikuikidwa patebulo, mapazi akupita, chitseko chikutseguka. Kenako kulira. Pabedi panalibe munthu. Matiresi okha ndiwo anali onyowa, mpaka kudontha.

Masana, anthu a boma anafika ku Peckham ndi uthenga. Abednego anamira ndi sitima. Rowland anavuulidwa m'madzi atauma ndi kuzizira, koma akupuma.

Kutchalitchi anthu ankanong'ona kuti anyamata awiriwo anabwerera limodzi usiku uja, aliyense pakhomo pa amake. Wolandiridwa analowa n'kukhala. Wokanidwa anasowa kopita, n'kubwerera m'thupi mwake. Mayi Florence ankafuna kukhulupirira zimenezo, koma tulo sankapeza.

Rowland anafika mu Julaye, atawonda, chikwama paphewa. Bambo ake anamukumbatira panja, aneba akuwombera m'manja. Iye anayankha onse m'Chingerezi chake chija. Atafika pakhomo anaima. Anayang'ana pansi pa chitseko nthawi yaitali, kenako anayang'ana amake.

Anayankhula motsitsa, m'Chichewa chosalala chija, kuti amve iwo okha.

"Munali pomwepa, amayi. Ndinkakumvani mukupuma."