Utsi Wabuluu pa Mlatho

Malizani ananyamuka pa Luchenza dzuwa litalowa kale. Olakwa anali a Rodwell, makaniko wa kuseri kwa msika, munthu amene pakamwa pake pamathamanga kuposa sipanala yake. Njinga yamoto ija, nkhalamba imene Malizani anagula mwezi wathawo kwa mphunzitsi wina wa ku Bvumbwe, inkangofunika kusintha oilo basi, koma inagonera pa galaja tsiku lathunthu.

Akuvala chipewa, foni inalira. Anali mlamu wake Doris.

“Alamu, a Ester matenda ayamba, ndipo sizikuoneka bwino. Fulumirani, tipite kuchipatala.”

Mudzi wawo uli kuseri kwa minda ya tiyi, koti usiku galimoto ukhoza kuiitana mpaka mawu kusasa. Mkazi wakeyo ndi mwana wawo woyamba analibe thandizo lina koma njinga yomweyi. Malizani anachita mantha, ndipo anaikoka moto osayang'ana m'mbuyo.

Atalowa m'minda ya tiyi, chiperoni chinatsika. Nkhungu inakwirira mizere ya tiyi, nyali n'kumangoona pafupi ngati maso a nkhuku usiku. Kenako anamva fungo la chinthu chopserera. Atacheuka, anaona utsi ukufuka m'paipi, wochindikala kuposa nkhunguyo. Injini inayamba kutsokomola. Potsetsereka kupita ku mlatho wa pakati pa mabulugamu inatsamwa kawiri, n'kuti zii. Nyali nayo inathima, poti ya njinga imeneyi imayaka injini ikamalira.

Anaponda kiki kasanu. Kakhumi. Palibe. Anatsika n'kuyamba kukankha, misozi ili pafupi.

“Musaipondenso, achimwene. Muipha.”

Malizani anaima. Kumapeto kwa mlatho kunali munthu wamtali, wovala ovolosi ya pa esiteti ya tiyi. Msewuwo ngwa timiyala tolira ukaponda, koma iye sanamve mapazi aliwonse.

“Utsi wake mwauona?” anafunsa munthuyo.

“Sindinauone bwino, bambo. Ndikuthamangira odwala.”

“Ndauona ine. Wakuda ndiye kuti petulo wachuluka. Woyera wotha msanga n'chinyezi cha m'paipi. Uwu ngwabuluu. Mwaimwetsa oilo wambiri, wasefukira mpaka wanyowetsa pulagi.”

“Koma a Rodwell ayeza ine ndikuona. Unafika pa mzere ndendende.”

“Mzere wabodza umenewo. Kachitsulo koyezerako si kake, n'kakafupi. Kapapaseni kunsonga.”

Malizani anamasula kachitsulo koyezera oilo n'kukapapasa ndi chala. Kunsonga kwenikweni kunali kamzera kochita kupala ndi felo. Mwezi wathunthu ali ndi njingayi, anali asanakaonepo. Nanga munthuyu, mumdima ngati uwu... anakadziwa bwanji?

Koma Ester ankadikira. Anayatsa tochi ya foni n'kuiluma kumano. Anamasula bawuti ya pansi, oilo n'kuchucha pamsewu. Anatseka. Anayeza. Anachotsanso wina mpaka unafika pa kamzera ka felo. Anatulutsa pulagi n'kuipukuta ndi malaya. Nthawi yonseyi munthuyo sanagwire kanthu. Anangoima kumbuyo kwa njinga, manja ali lende, osatsokomola, osasuntha. Ngakhale kupuma kwake sikunamveke.

“Pondani tsopano.”

Kamodzi kokha, injini inalira! Utsi wotsalira unatuluka wambiri, nyali yofiira ya kumbuyo n'kuuwalitsa. Malizani anacheuka kuti athokoze.

Utsi sunamuzungulire munthuyo. Unalowa pachifuwa... n'kutulukira kumsana. Osapindika n'komwe!

Malizani analowetsa giya msangamsanga.

“Inu mufike,” anatero munthuyo motsitsa mawu. “Ine sindinafike.”

Mmene anakwerera chitunda cha kutsidya kwa mlatho, Malizani mpaka lero sadziwa. Chimene amakumbukira n'choti anafika, Ester anakhala pakati, Doris kumbuyo atamugwira, ndipo njinga sinatsokomolenso mpaka pa geti ya chipatala. Tambala woyamba akulira, Ester anachira, mwana wamkazi. Anamwino anati akanachedwa ola lina, bwenzi nkhani ili ina. Anamutcha Mwai.

Patapita masiku awiri Malizani anabwerera ku Luchenza, mawu okalipa ali okonzeratu. Anawapatsa a Rodwell kachitsulo kaja n'kufotokoza zonse: utsi, mlatho, munthu wa ovolosi. A Rodwell anakayang'anitsitsa kachitsuloko. Anakweza mpando wa njinga, n'kupeza zilembo za dzina zokhomedwa ndi msomali pansi pake. Anakhala pa tayala lakutha.

“Penti yatsopanoyi ndi imene inandisokoneza,” anatero. “Njinga iyi ndi ya a Bizwick, makaniko wa mathirakitala ku esiteti. Chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri chiwaikireni m'manda.”

Malizani anawerama kuona zilembo zija, a Rodwell n'kupitiriza.

“Mayi akunyumba kwawo matenda anayamba usiku, ngati anuwa. A Bizwick akuthamangira kunyumba, njinga inawazimira pa mlatho womwewo, nyali n'kuthima. Lole ya nkhuni imene inkabwera pambuyo sinawaone m'nkhungu. Mayi aja anadikira mpaka kunacha. Mwana sanalire.”

A Rodwell anatembenuza kachitsulo kaja, chala chawo chili pa kamzera ka felo.

“Njinga yawo sankalola munthu wina kuigwira. Koma tsiku limenelo anatanganidwa, anandisiyira ine. Za kamzera aka sindinkadziwa, achimwene. Oilo ndinathira ndine... mpaka pa mzere.”