Buluku la Hilario

Zelifa ankasoka zovala pakhonde la golosale ya amayi ake aang'ono, a Rozaria, moyang'anana ndi siteji ya Namitete. Tsiku lina minibasi yochokera mtauni inatsitsa mwamuna wa nsapato zosongoka, atagwira kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi. Asanapereke moni kwa munthu, anayamba watulutsa mpango n'kupukuta nsapatozo.

Atsikana inu, mwamuna amene amayamba kupereka moni kwa nsapato zake muzimuopa!

"Asisi, munditsekere miyendo ya kabudula uyu. Yonse iwiri."

"Nditseke? Nanga mwana mwendo autulutsira pati?"

"Zoseketsa zake n'zomwezo," anatero mwamunayo uku akuonetsa mano onse. Anati dzina lake ndi Hilario, ndipo amachita sewero la pa kanema. M'sewerolo iye ndi bambo wamasiye wokonza njinga, amene akulera yekha mwana wake. Gawo limene ankajambula ku Namitete linali loti bamboyo akuyesa kusoka kabudula wong'ambika wa mwanayo, n'kutseka miyendo yonse.

Kamnyamatako kanamukoka malaya. "Ababa, ludzu."

Hilario anakafinya pakhosi. "Iwe, kamera yazima."

"Ankolo, ludzu."

"Sewero lamulowa m'mutu. Ndi Paulo ameneyu, mwana wa mayi wina wa ku Msundwe. Timangomubwereka."

Zelifa anaseka, n'kumutungira mwanayo madzi. Akanayang'ana makutu a anthu awiriwo, otambalala mofanana ngati masamba a fodya, bwenzi atapulumuka tsiku lomwelo. Koma maso ake anali pa mano aja.

Sabata isanathe foni inali ikungolira.

"Nyenyezi yanga, singano yako yandibaya mumtima, ndipo kuchipatala sindipitako."

"Duwa langa la ku Namitete, ndikamadya ndimaona nkhope yako m'mbale."

Zamanyazi! Munthu wamkulu, wandevu zake, kuona nkhope m'mbale? Koma Zelifa ankawerenga kawirikawiri, makina atangoti zii, makasitomala akudikira.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ankachiopa. Bambo ake anali tenanti pa esiteti ina, ndipo tsiku limene ankakwera lole yobwerera kwawo ananena pamaso pa anthu kuti, "Mwanayo si wanga." Zelifa anali ndi zaka zisanu, ataima pomwepo, chinangwa chili m'manja. Mawu amenewo anakula nawo.

"A Hilario, ndiuzeni zoona. Mulibe mwana kwinakwake?"

"Ine? Wokondedwa wanga, ndikanakhala ndi mwana bwenzi ndikuyenda nditamusenza pamutu, dziko lonse limuone! Ndilibe mkazi, ndilibe mwana. Mwana wanga woyamba adzatuluka mwa iwe."

"Mukulumbira?"

"Ndikanama, lilime liume!"

Silinaume. Malilime a anthu otere sauma.

A Rozaria sanakhutire. "Mwamuna wolira pa kanema popanda womumenya, iwe ukuti udzadziwa bwanji misozi yake yeniyeni? Abwere ndi amalume ake, tiwaone."

Amalumewo anabweradi, nkhalamba ya imvi mbuu, yoyendera ndodo, mawu akunjenjemera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amalume a Zelifa. Mtsikana woleredwa bwino sayang'ana ankhoswe kumaso, choncho Zelifa anabwera chogwada ndi beseni ndi jagi, maso ali pansi. Chimene anaona ndi manja okha. Pamene ankathira madzi, anaona kuti chala cha mkombaphala cha kumanja cha amalume a Hilario chinali chodukira pakati.

"Mwana wathu ndi wosakwatirapo," anatero amalumewo. "Tamusunga ngati dzira."

Tsiku la chinkhoswe linaikidwa. Zelifa anakasankha yekha nsalu yakuda yosalala, n'kuyamba kumusokera Hilario buluku la tsikulo. Anasokanso kamalaya ka Paulo, chifukwa mwanayo anali atamulowa mumtima.

Kenako uthenga unafika: "Mtima wanga, Lamlungu masana akuonetsa gawo la kabudula lija. Itana Namitete yense aone mwamuna wako!"

"Mubwere ndi Paulo adzayese malaya," anayankha Zelifa.

Lamlungulo anthu atatuluka m'tchalitchi anadzaza golosale ya a Rozaria, ena akusuzumira pawindo. Hilario anakhala kutsogolo, mwendo pa unzake. Paulo anakhala pamiyendo pa Zelifa, atavala malaya atsopano.

Sewero linayamba. Bambo wokonza njinga uja anasoka kabudula ndi lilime lili kunja, n'kumuveka mwana. Mwanayo anadumphadumpha ngati chule, mpaka phii m'fumbi! Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Kenako pa kanemapo panatulukira mnyamata wa kabaza, tsitsi bii, wamphamvu zake, akubweretsa sizasi yoti adulire ulusi. Kamera inayandikira dzanja lake.

Chala cha mkombaphala chinali chodukira pakati.

Dzanja limenelo Zelifa analithira madzi yekha, atagwada! Kodi imvi zimathawa m'mutu? Kodi ndodo imasanduka njinga?

Anaweramira kukhutu kwa mwanayo. "Paulo, amenewo ndani?"

"Ndi a Nasoni," anatero Paulo mokweza, monyadira kuti akudziwa. "Akafuna kukhala agogo amapaka ufa m'mutu. Tsiku lija anapaka wa amayi, amayi anakalipa."

Kuseka kunayamba kuzilala, kuyambira kumbuyo.

"Amayi ako ndani?"

"A Lines."

"Nanga a Hilariowa amagona kuti?"

"Kwathu. Koma akuti ndikanena kuno sadzandigulira mpira."

Zelifa anamutsitsa mwanayo pang'onopang'ono, n'kuimirira. Apa ndi pamene anamvetsa. Amalume enieni a Hilario anali ataimira kale ukwati wa Lines, ndipo sakanabwera kudzanena pansi pa mango kuti mwana wawo ndi wosakwatirapo. Ndiye mwamuna wanzeru za pa kanemayo anangotenga mnzake, n'kumuwaza ufa wa mkazi wake yemwe!

"Nyenyezi yanga, tamvera," Hilario anadzuka, manja ali patsogolo. "Mwana amasokoneza sewero ndi zoona. Tiye panja tikambirane awiri."

"Tikambirana pompano. Ankhoswe anu aja anthu onsewa awaona, angomvanso ndi izi. Mwanayu ndi wa yani?"

Apatu mpata unalipo. Akanati, "Ndi wanga, ndinalakwa," mwina bwenzi Zelifa atalira n'kumukumbukirabe ngati munthu. Pa kanema, bambo wokonza njinga anali atamunyamula mwana uja, akumupukuta fumbi, misozi ili mbwee. "Usalire, mwana wanga," ankatero. "Anthu aseke, koma ine ndi iwe sitidzasiyana."

Hilario wa nsapato zosongoka anayang'ana anthu, anayang'ana Zelifa. Mwanayo sanamuyang'ane.

"Ndanena kale. Si wanga."

Paulo anayang'ana bambo wa pa kanema, anayang'ananso amene anaima patsogolo pake. "Ababa?" anatero chapansipansi. Kenako anadzikonza yekha, monga anamuphunzitsira. "Ankolo?"

Zelifa anamva ngati lole ija yalizanso injini.

"Tulukani," anatero a Rozaria, atanyamula tsache. "Tulukani musanandidetsere sitolo, galu wopanda manyazi!"

Hilario anatuluka, ana akumukuwiza mpaka pa siteji. Mwana wake anamuiwala pomwepo ngati chipewa. Anali Zelifa amene anamukweza Paulo minibasi ya ku Msundwe, n'kukamupereka m'manja mwa Lines, mayi wowonda amene anamupeza akusankha fodya m'chigafa. Lines anamvetsera zonse, manja osaleka ntchito.

"Ndinu wachitatu," anatero. "Koma ndinu woyamba kundibwezera mwana atadya."

Zelifa analira m'minibasi njira yonse. Analira mawa lake, ndi mkuja. Musamve zoti mtima umapola msanga, atsikana inu, n'zabodza. Foni nayo sinaleke.

"Duwa langa, popanda iwe ndine mtembo woyenda."

"Wokondedwa, ngati sundifunanso, unditumizireko buluku lija. Loweruka tikujambula."

Mwamva? Mtembo wofuna buluku!

Zelifa anapukuta maso. Anatulutsa buluku lakuda lija, n'kuliyala pa makina. Anapondaponda mofatsa, mzere woongoka bwino, kawiri konse kuti usadzasomphoke. Anatseka mwendo wakumanja, anatseka wakumanzere. Analisita, analipinda, n'kumupatsa kondakitala.

Kenako analemba uthenga wake womaliza:

"Lavalireni pa kamera, a Hilario. Paulo anagwa anthu akuseka, inu n'kumutola. Tione amene akutoleni inu."