Makalata a Esau Sichali

Chimene Dinah anayamba kuona n'chakuti makina osindikizira anali ofunda. Unali m'mawa wa Lachiwiri, mwezi wa Juni, nyengo imene mphepo ya ku mapiri a Mafinga imalowa mpaka m'mafupa, ndipo iye ndiye anatsegula ofesi. Loko anali wozizira, sikelo yozizira, koma makinawo anali ngati mphasa imene munthu wangodzukapo.

Ofesiyo inali ya kampani yonyamula katundu, kuseri kwa msika wa pa boma la Chitipa. Dinah, mtsikana wa ku Ntcheu, anali atagwirapo miyezi isanu ndi itatu, ndipo ntchitoyo anaipeza atakhala pakhomo zaka zitatu. Ankawerenga maphukusi obwera ndi basi ya ku Karonga n'kuwalowetsa mu kompyuta. Panalinso makalata oyenda popanda basi: munthu atumiza kalata pa kompyuta ali ku Lilongwe kapena kunja, kuno aisindikiza, mwini wake alandira uthenga pa foni n'kubwera kudzasaina. Ku likulu, kalata yotere ankaiwerenga ngati phukusi limodzi, chimodzimodzi ndi thumba la mpunga.

Dzulo lake anatseka ndi maphukusi khumi ndi anayi. Tsopano kompyuta inkati khumi ndi asanu ndi anayi. Makalata asanu anali atafika, atasindikizidwa, atasainidwa cha m'ma wani koloko usiku, ndipo zonse zinachitika pa nambala yachinsinsi ya Dinah.

Atawauza a Welcome, mkulu wa ofesiyo, anangoseka n'kunena kuti netiweki ya kuno imalota. Koma Lachitatu makinawo anali ofundanso, Lachinayi chimodzimodzi. Mlonda wa sitolo yoyandikana nayo, amene ankamugawira mbatata yootcha m'mawa uliwonse, anamunong'oneza kuti usiku amaona kuwala kofooka pansi pa chitseko, n'kumva phokoso ngati munthu akukoka mpweya m'mano, kenaka mapepala akugwa limodzilimodzi. Anati sanayandikire. Amamulipira kulondera akuba, osati zinazo.

Lachisanu kunabwera mayi wachikulire, mapazi atayera ndi fumbi la ku Kaseye. Anati ndi Namsukwa. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kafoni kakang'ono komangidwa ndi mphira. Anafotokoza m'Chichewa chake chokoka kuti foniyo inali ya amuna ake, a Esau Sichali, amene anawaika m'manda chaka chatha, ndipo amaisungabe yoyaka chifukwa ndiyo nambala yokhayo imene mwana wawo Sungani ankaidziwa. Sunganiyo anapita ku Joni, ndipo patha zaka zinayi osamveka. Koma sabata imeneyi foniyo yakhala ikulira pakati pa usiku. Uthenga woyamba umati kalata yafika kuchokera kwa Sungani Sichali. Wachiwiri umati Esau Sichali walandira.

"Mwana wane," anatero mayiyo motsitsa mawu, "wakufa amalandira kalata kwa wamoyo?"

Mayiyo anapitiriza kuti kumudzi nkhani yatha kale. Akuti ngati bambo akulandira, ndiye kuti wotumizayo ali komweko. Alamu ake agwirizana kuti Loweruka la sabata yamawa alire maliro a Sungani, popanda mtembo. Asanapite, mayiyo anaika nthochi zitatu pa kauntala, nathokoza kuti yewo, ngati kuti wathandizidwa.

Lolemba madzulo Dinah sanapite kunyumba. Anapempha mlonda uja kuti akhome loko kunja monga mwa masiku onse, iye n'kukhala pansi kuseri kwa makatoni, atafunda chitenje. Njinga zamoto zinayamba kuchepa, wailesi ya pa bala inazima, agalu a ku msika anauwa n'kutopa. Mdima wa m'chipindamo unkanunkha makatoni ndi usipa wa munthu wina amene sanabwere kudzatenga phukusi lake. Malata ankalira okha ndi kuzizira. Kawiri konse anamva ngati wina waima panja pa zenera, akupuma.

Kenaka loko analira. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, munthu analowa osayatsa getsi, nakhala pa mpando wa Dinah. Kompyuta itayaka, kuwala kwake kunaonetsa chipewa chaubweya ndi magalasi a Welcome. Anatsegula mndandanda wa makalata a zaka zapitazo, nayamba kukopera mayina, wotumiza ndi wolandira. Makina anakoka mpweya, pepala linagwa. Linali loyera, lopanda ngakhale chilembo chimodzi. Iwo anasaina ndi dzanja lamanzere.

"Bwana, a Sichali anamwalira," anatero Dinah ali mumdima.

A Welcome anagwetsa cholembera. Mantha atawatha, sanachite manyazi. Anafotokoza monong'ona kuti likulu lalamula kuti ofesi iliyonse yosafika maphukusi mazana asanu pa mwezi itsekedwe, ndipo Chitipa imathera pa mazana anayi. Phukusi labodza limafuna sikelo ndi dzina la dalaivala, pomwe kalata ya pa kompyuta imangofuna mayina awiri. Amasankha anthu akumidzi, osabwerabwera pa boma, ndipo amatumiza usiku kuti uthengawo ukwiririke anthu ali mtulo. Za imfa ya a Sichali sankadziwa.

"Ndikudyetsa iwe ndi ine," anatero. "Ukayankhula, kumbukira kuti nambala ili apa ndi yako. Ine dzina langa mulibemo."

Dinah anawapempha kuti mwina angouza mayiyo mwakachetechete. A Welcome anati nkhani ikafika ku Kaseye m'mawa, madzulo ili pa msika, mawa lake ili ku likulu.

Masiku atatu Dinah anakhala nayo nkhaniyo. Ankaganiza zobwerera ku Ntcheu ndi chikwama chomwe anabwera nacho, n'kuganizanso za anthu akutema nkhuni za maliro a munthu amene mwina akudya bwinobwino kwinakwake. Lachisanu m'mawa anatenga mapepala oyera aja m'dengu la zinyalala, nakwera njinga yamoto ya ku Kaseye.

Anapeza azimayi akusinja chimanga cha pamaliro. Namsukwa anamulowetsa m'nyumba, namupatsa kampando kokhako kamene kanalimo, iye n'kukhala pansi. Dinah anafotokoza zonse, alamu awiri ataima pakhomo. Mmodzi wa iwo anali atayamba kale kuimba foni mtsikanayo asanamalize, ndipo Dinah anadziwa kuti Lolemba sadzatsegulanso ofesi ija.

Ankayembekeza kuti mayiyo asangalala. Koma Namsukwa anatenga mapepalawo, nawatembenuza limodzilimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, nawayang'anitsa pa kuwala kwa pakhomo.

"Ndiye Sungani ali moyo?"

"Sindikudziwa, mama. Ndikungodziwa kuti sanalembe."

Panja mitondo inali itasiya kulira. Mayiyo anapinda mapepalawo bwinobwino, nawaika pamiyendo pake.

"Nanga foniyi, idzaliranso usiku?"

"Ayi, mama. Zatha."

Namsukwa anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali, maso ali pansi.

"Sabata ziwirizi ndimadziwa kumene mwana wanga ali," anatero. "Anali ndi bambo ake. Tsopano mwandibwezera kumsewu, kukayang'ana basi iliyonse."