Mlongoti Ulibe Vuto

Mtsikana ndi mnyamata anakumana padenga la nyumba yosungiramo mankhwala. Mtsikanayo anali atangoyamba ntchito yoyang'anira mlongoti, chida chomwe chimatembenuka chokha kutsatira droni, kandege kopanda munthu mkati, kuti kulumikizana kusaduke. Mnyamatayo ndiye ankayendetsa droniyo, kutumiza mankhwala ku zipatala zakutali.

"Dzuwali likuwotchani, achemwali," anatero, n'kumupatsa chipewa chake.

Mawa lake anamusungira mpando pamthunzi. Tsiku lina, botolo la madzi ozizira. Mtsikanayo ankaziona zonsezi, ndipo popemphera anayamba kumutchula dzina.

Mauthenga anayamba kubwera pafoni. "Maso anga, wadya?" Wina unati: "Popanda iwe ndine kandege kosochera." Winanso: "Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete."

Kenako mlongoti unayamba zachilendo. Lachisanu lililonse, droni ikamabwerera, unkakhotera kumanzere kwa mphindi zitatu, mbali yomwe kulibe chipatala.

"Wayamba misala umenewu," anatero mnyamatayo akuseka. "Ungouthira mafuta, wokondedwa."

Anauthira mafuta. Analimbitsa mabawuti, anasintha mawaya. Abwana anamuchenjeza kawiri. "Vutoli likapitirira, tipeza wina woidziwa ntchito." Mnyamatayo anali pomwepo, akupukuta droni, osadzutsa mutu.

Lachisanu lachinayi, mlongoti utakhotanso, mtsikanayo sanauthamangire. Anatsegula zithunzi za kamera ya droni pa kompyuta. Panaoneka kanyumba ka chitseko chobiriwira. Pabwalo panaima mayi, mwana ali m'manja, akumugwira kadzanja kuti abayibitse. Droni inazungulira nyumbayo kawiri n'kubwerera m'njira yake.

Anatembenuzira kompyutayo kwa mnyamata uja.

"Ndani uyu?"

"Mkazi wanga. Mwanayo amakonda kuiona ikamadutsa. Ndimafuna kukuuza, maso anga."

"Musanditchulenso choncho. Ndiye ntchito yanga ikanatha, inu mukungoonerera?"

Mnyamatayo anabwezera maso pa chida choyendetsera droni.

Mtsikanayo akanalira bwanji pamenepo? Droni inali idakali m'mwamba, itanyamula magazi a odwala oti akayezedwe. Anakhala pampando wake, maso pa mlongoti, mpaka inatera bwinobwino.

"Ambuye, ndigwireni dzanja," ananong'ona.

Anatenga pepala la lipoti n'kulemba mzere umodzi: "Mlongoti ulibe vuto." Anasunga zithunzi zija, n'kutsika masitepe kupita ku ofesi ya abwana.